Mabowo awiri a kaliwo: fodya, lathe ndi amisiri a ku Mbayani

Munthu woyenda pansi kuchokera pa Clock Tower mu Blantyre kutsata msewu wa ku Chileka amadziwa kuti walowa mu Mbayani asanaone chikwangwani chilichonse, chifukwa phokoso limamuuza. Uku nyundo ikulira pa lata, uko sowo ikudya thabwa, patsogolo pang'ono wowotcherera zitsulo wawerama pa geti la nyumba ya munthu wa ku Nyambadwe. Mabedi, mipando, mbaula, zidebe ndi zitseko zayalidwa m'mbali mwa msewu mpaka kukafika ku Chemusa.

M'mashedi ena a akalipentala muli makina osemera zinthu zobulungira, omwe eni ntchito amawatcha lathe. Ambiri mwa makinawa sanatuluke m'fakitale. Mmisiri anapeza mota yakale, lamba, ma bearing awiri ndi zitsulo zingapo, n'kupita nazo kwa mnzake wowotcherera. Mtengo amaupana pakati pa nsonga ziwiri, ina yozungulitsa ina yongochirikiza, ndipo ukangoyamba kuzungulira, tchizulo chimamaliza zotsalazo. Miyendo ya tebulo, mizati ya bedi ndi mipini ya zida zimatuluka pamenepo zili see, zosalala.

Koma pali kanthu kamodzi kakang'ono komwe makina oterewa sangakathe, ngakhale mmisiri akhale katswiri chotani. Kanthuko ndi kaliwo. Izi zimachititsa chidwi m'dziko lomwe kwa zaka zoposa 100 ladzaza makaliwo a anthu a kutsidya kwa nyanja ndi fodya wake. Luso lilipo, mitengo yolimba iliponso. Chomwe chinasowa ndi chogwirira mtengo, chija amati chuck, pamodzi ndi nsagwada zake, ndipo mbiri ya chipangizo chimenechi ikuonetsa ntchito zomwe amisiri a ku Blantyre anapatsidwa ndi zomwe anamanidwa.

Kusuta ndi kaliwo n'kwakale kuno kuposa fodya amene. Pa phiri la Sebanzi, m'chigwa cha Kafue ku Zambia, ofukula zakale anapeza mitu ya makaliwo adothi yomwe inaumbidwa zaka mazana angapo fodya asanafike mu Africa, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti eni ake ankasutiramo chamba kapena masamba ena. Fodya kwawo n'ku America. Anawoloka nyanja ndi zombo za amalonda a ku Ulaya, ndipo popeza Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'ma 1530, mbewuyo inapeza njira yolowera kumtunda. Pamene David Livingstone ankadutsa m'midzi ya Amang'anja mu 1859, anapeza fodya ali m'minda pamodzi ndi thonje, mapira ndi maungu. Ayao nawo ankasenza fodya pa maulendo awo amalonda opita kugombe la nyanja yamchere.

Kaliwo wa makolo sankafuna makina. Mutu wake unali wadothi, wootchedwa pamoto monga mbiya, kapena wosemedwa ku mtengo wolimba ndi kasemasema ndi mpeni. Kokokera utsi kunali bango kapena kansungwi, zomwe zimamera zili ndi bowo kale. Woumba ankalasa kamtengo m'dothi likadali lofewa, chala china chili m'kati mwa mutu wa kaliwo kudikira kuti chimve nsonga ikutulukira pamalo pake. Wosema ankafiiritsa kachitsulo pamoto n'kumaboola pang'onopang'ono. Ena ankalumikiza mutuwo ku chipanda chamadzi kuti utsi uzizire usanafike pakhosi. Fodya anali chinthu chaulemu: mlendo ankalandiridwa naye, akuluakulu ankagawana pabwalo, ndipo agogo aakazi ambiri ankakonda wa m'mphuno, wosungidwa m'kabotolo kapena m'kachipanda komangirira ku nsalu.

Makina anabwera ndi amishoni. Mu Okutobala 1876 gulu la mpingo wa Church of Scotland linakhazikika pamalo omwe Henry Henderson anasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito, m'dera la mfumu Kapeni, kamtunda kochepa chabe kuchokera pomwe pali Mbayani lero. Amishoniwa ankakhulupirira kuti uthenga uyende limodzi ndi ntchito zamanja, choncho anabwera ndi akalipentala, osula zitsulo ndi odziwa za minda. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, ndi umboni wa mmene manja a anthu akuda anagwirira msanga luso la njerwa ndi matabwa. Mu 1909 sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa, ndipo ukalipentala ndi kusindikiza mabuku zinali m'gulu la maphunziro ake.

M'gulu loyamba lija munali mnyamata wodziwa za minda dzina lake John Buchanan. Anachotsedwa ntchito mu 1881 pa nkhani yomvetsa manyazi ya kukwapula anthu pa mishoni, n'kuyamba minda yakeyake. Banja la a Buchanan ndi lomwe limatchulidwa kuti linabzala fodya wa mtundu wa Virginia mu 1889, ndipo mu 1893 dziko lino linatumiza kunja fodya wake woyamba, wolemera mapaundi 40 okha. Mu 1908 njanji inafika ku Blantyre, ndipo nthawi yomweyo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Britain atachepetsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko ake mu 1919, malonda anakwera. M'ma 1920 A. F. Barron anafalitsa ulimi wa fodya wa chikopa pakati pa alimi a ku Lilongwe, boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti lizilamulira alimiwo, ndipo okushoni ya ku Limbe inayamba mu 1938.

Fodya wa chikopa ndiye amene akukhudza nkhani ya kaliwo. Amaumitsidwa ndi utsi wa nkhuni m'chigafa mpaka tsamba kuda ndi kukhuthala, ndipo ndi waukali moti sayenera ndudu wamba. Ku Britain ankamupota ngati chingwe kapena kumutsindira kukhala timadina tolimba, kuti anthu a m'migodi, asodzi ndi a m'zombo azisuta m'kaliwo, kutafuna kapena kufwenkha. Mpaka lero kampani ya Gawith Hoggarth ya m'tauni ya Kendal imatchula tsamba la ku Malawi pofotokoza ena mwa mafodya ake a m'kaliwo. Mlimi wa ku Dowa ankagona m'chigafa kuyang'anira moto, wantchito wa ku Limbe ankasankha masamba ndi kuwadinda m'mabelo, koma kaliwo yemwe fodyayo ankapserera anali wosemedwa ku France kapena ku London.

Tauni ya Saint-Claude, m'mapiri a Jura ku France, inali ya anthu osema pa lathe kalekale. Ankapanga makorona ndi tizinthu tina togulitsa kwa anthu obwera kudzapemphera pa nyumba ya amonke ya kumeneko, ndipo makina awo ankayendetsedwa ndi madzi a m'mitsinje. M'ma 1850 anayamba kusema makaliwo ku briar, chomwe ndi chotupa cholimba chomera pakati pa tsinde ndi mizu ya chitsamba cha Erica arborea, chopezeka ku Corsica, Italy, Greece ndi Algeria. Chotupacho chimatenga zaka makumi angapo kuti chikule. Akachikumba amachicheka m'zidutswa, kuziwiritsa m'madzi kwa maola ambiri kuti utomoni uchoke, kenako kuziumitsa kwa miyezi kapena zaka. Briar sapsa msanga, amayamwa chinyezi, ndipo sawawitsa utsi. M'zaka zochepa anagonjetsa kaliwo wadothi, yemwe ankasweka akangogwa, ndipo mu 1910 Alfred Dunhill anayamba kupanga ake ku London.

Mtengo wabwino unabwera ndi vuto lake. Kaliwo ali ndi mabowo awiri ofunika. Lalikulu ndi loikamo fodya, lomwe nthawi zambiri limakhala la mamilimita 19 mpaka 22 m'mimba mwake. Laling'ono ndi njira ya utsi, ya mamilimita 4 kapena kuchepera pang'ono, yomwe imadutsa m'khosi mwa kaliwo. Mabowowa amaboolera mbali zosiyana, ndipo ayenera kukumana m'kati mwa mtengo momwe diso silifika, ngati anyamata awiri okumba mbewa kuchokera mbali ziwiri za chulu. Njira ya utsi iyenera kutulukira pansi penipeni pa bowo lalikulu, pakatikati. Ikatulukira m'mwamba, fodya wapansi sapsa, amangonyowa n'kumawawa. Ikapatuka n'kupita kumbali, kaliwo amapsa mbali imodzi mpaka khoma kubooka. Palinso bowo lachitatu, lalifupi, lolowetsamo kokokera, ndipo nalo liyenera kulunjika bwino kuti pasakhale mpata. Milimita imodzi yokha ikalakwika, mtengo womwe unakula zaka 30 wasanduka nkhuni.

Apa m'pamene lathe ya nsonga ziwiri imalepherera. Makina oterewa ndi akale kwambiri. M'manda a Petosiris ku Egypt, a zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, muli chithunzi cha amuna awiri, wina akukoka chingwe chozungulitsa mtengo, wina atagwira tchizulo, ndipo ena mwa osema ziboliboli kuno agwira ntchito mwanjira yomweyo mpaka m'masiku athu ano. Nsonga ziwiri zimagwira mtengo kumutu ndi kumchira, motero kumaso kwa mtengo n'kotsekedwa, choboolera chilibe polowera. Kuti munthu aboole mtengo ukuzungulira, uyenera kugwidwa mbali imodzi yokha, mwamphamvu, mbali inayo ili poyera. Imeneyo ndiyo ntchito ya chuck.

Chuck yomwe amisiri ambiri amaidziwa ndi ya nsagwada zitatu. M'kati mwake muli mbale yokhala ndi mzera wozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo kiyi akapotokola, nsagwada zonse zimayenda pamodzi kulowera pakati. Njira imeneyi inakula ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo Austin Cushman, yemwe anayamba kampani yake ku Hartford mu 1862, ndi mmodzi mwa omwe anaitchukitsa. Kwa wosema shafti kapena bawuti, chuck imeneyi ndi yofulumira komanso yokhulupirika. Pa kokokera kwa kaliwo imagwiranso bwino, chifukwa kokokerako amasema ku ndodo yobulungira ya mphira wolimba wotchedwa ebonite kapena ya acrylic. Koma chidutswa cha mutu wa kaliwo chili ndi ngodya zinayi, ndipo bowo la fodya silikhala pakati pa chidutswacho. Limakhala chakumapeto, kuti mbali inayo itsale ya khosi. Nsagwada zitatu zimakokera chilichonse pakati, kaya mmisiri akufuna kaya sakufuna, ndipo chinthu cha ngodya zinayi zimachigwira mwa apo ndi apo. Amene angayese aona chidutswa chikuuluka.

Chuck ya nsagwada zinayi zoyenda payokhapayokha ndi yochedwa koma yomvera. Nsagwada iliyonse ili ndi sikuluwu yake, motero mmisiri akhoza kukankhira mtengo kumanja, kumanzere, kumwamba kapena pansi mpaka kadontho komwe analemba ndi pensulo kafike pa mzere womwe makina amazungulirapo. Ana a sukulu zaluso amaidandaula chifukwa kulunjikitsa chinthu kumadya nthawi, koma fitala wokhwima saisinthanitsa ndi ina.

Opanga makaliwo anapitirira pamenepo. Anaona kuti chidutswa cha kaliwo chili ndi mbali ziwiri zosalala zoyang'anana, ndipo zimenezo n'zokwanira kugwirira. Choncho amagwiritsa ntchito chuck ya nsagwada ziwiri, kapena amachotsa ziwiri pa chuck ya zinayi n'kuika zazitali m'malo mwa ziwiri zotsalazo. Kutalika n'kofunika, chifukwa nsagwada zazifupi zimangoluma m'mphepete, ndipo choboolera chikangolowa, mtengo umapendekeka. Nsagwada zina zimakhala ndi mano ang'onoang'ono kuti zisaterereke, ndipo zabwino kwambiri zimakhala ndi kamsomali kamodzi mbali iliyonse, toyang'anana ndendende. Mmisiri amajambula kaliwo m'mbali mwa chidutswa, n'kulemba mzere wa bowo la fodya ndi mzere wa njira ya utsi. Pomwe mizere iwiriyo yadutsana amabaya kadontho, mbali zonse ziwiri, ndipo timisomali tija timalowa m'timadontho timeneto. Akatero chidutswa chimatha kutembenuka pa timisomaliyo osachoka pamalo pake. Amaloza mzere woyamba ku choboolera, kumanga, kuboola. Amamasula pang'ono, kutembenuza mpaka mzere wachiwiri uloze ku choboolera, kumanganso, kuboola. Popeza malo okumanirana mabowo sanasunthe, mabowowo amakumana, bola mmisiri ayeze kuya kwake molondola.

Nzeru imeneyi ndi yokongola chifukwa cha kuphweka kwake. Sifuna kompyuta kapena chitsulo chachilendo. Imangofuna munthu amene wamvetsa kuti posema kaliwo, mtengo uyenera kuzungulira pa mizere iwiri kapena itatu yosiyana, ndipo pali kadontho kamodzi komwe mizereyo imagawana.

Choboolera chimagwidwa ndi chuck ina yaing'ono kumchira kwa lathe, ya mtundu womwe Arthur Jacobs anatulukira mu 1902, womwewo uli pa dirilo iliyonse ya m'manja. Makina amayenera kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa chidutswa chomangidwa chakumbali chimalemera mbali imodzi ndipo chimagwedeza lathe yonse. Khosi la kaliwo limazungulira ngati dzanja lotambasuka, losaoneka bwino likathamanga, ndipo zala zambiri zavulalapo. Kiyi wa chuck sasiyidwa pa chuck ngakhale kamphindi. Lamulo limeneli mphunzitsi aliyense wa zamakina amalinena tsiku loyamba, ndipo amalinena mokalipa.

Kodi Blantyre analibe makina ngati amenewa? Analipo. Ku mashopu a njanji ku Limbe kunali ma lathe a zitsulo okhala ndi ma chuck a mitundu yonse, chimodzimodzinso m'mafakitale a tiyi ndi a fodya. Koma kwa nthawi yaitali ntchito zapamwamba za m'mashopuwo zinkapita kwa Azungu ndi Amwenye, munthu wakuda n'kumakhala wonyamula ndi wopukuta. Amishoni anaphunzitsa ukalipentala wa mipando, zitseko ndi madenga, zinthu zomwe mishoni, boma ndi eni minda ankafuna. Chuma cha atsamunda chinakonzedwa kuti tsamba lizituluka lili tsamba, phindu la kulisandutsa katundu lizipezeka ku Bristol ndi ku Nottingham. Panalibe amene anaona chifukwa choikira chuck m'manja mwa mmisiri wa kumudzi.

Anthu ogwira ntchito m'tauni ya Blantyre analibenso malo m'kati mwake. Blantyre anakhala ndi khonsolo mu 1895, anaphatikizana ndi Limbe mu 1956, n'kukhala mzinda mu 1966, koma kwa zaka zambiri antchito akuda ankagona m'midzi yozungulira n'kumalawirira wapansi m'mawa uliwonse. Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe zinakula motero. Mbayani anakula popanda pulani ya khonsolo, nyumba kutsamira nyumba, chifukwa cha kufupika kwake ndi tauni. Luso linkalowa m'makwalalamo kudzera m'manja: mnyamata kuphunzira kwa malume ake, wopuma ntchito ku kampani kutsegula shedi kuseri kwa nyumba, wobwerera ku Joni kapena ku Harare kufika ndi bokosi la zida. Sowo, pulena, tchizulo ndi tupa zinkakwana m'bokosimo. Chuck, yolemera makilogalamu angapo komanso yofuna lathe yoyenerana nayo, sinkakwana. Sukulu ya Soche Technical ndi Polytechnic, yomwe inatsegulidwa mu 1965, zinaphunzitsa mafitala odziwa ntchito, koma ambiri anamezedwa ndi makampani a ku Makata ndi ku Chirimba, kutali ndi mashedi a m'mbali mwa msewu.

Anzathu a ku Tanzania anayenda njira ina. M'ma 1950 kunapezeka mwala wofewa woyera wa meerschaum m'dera la Amboseli, pafupi ndi phiri la Kilimanjaro, mwala womwe dziko linkaudziwira ku Eskişehir ku Turkey. Ku Arusha kunatsegulidwa fakitale, ndipo makaliwo ake otchedwa Kiko anagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri. Osonkhanitsa makaliwo akale amawafunabe. Ku America nako, mu 1869, Henry Tibbe, mmisiri wa lathe wochokera ku Netherlands yemwe ankakhala m'tauni ya Washington m'chigawo cha Missouri, anayamba kusema makaliwo ku zitsononkho za chimanga. Anapeza njira yomata kunja kwake ndi pulasitala kuti zisapse msanga, ndipo kampani yomwe anayambitsa, Missouri Meerschaum, ikugwirabe ntchito. Nkhani ya Tibbe imapweteka kuimva kuno, kumene zitsononkho zimasonkhezera moto khomo lililonse ikatha nyengo yokolola.

Msika wa kuno nawo sunadikire. Ndudu zinafika, fakitale ya BAT inamangidwa mu Blantyre, ndipo mayina ngati Tom Tom analowa m'magolosale. Amene ndalama zinamuchepera ankapichira chingambwe m'pepala kapena m'khoko la chimanga. Kaliwo anatsala m'manja mwa agogo a kumudzi ndi mabwana ochepa a m'tauni omwe ankagula wa briar wochokera kunja. Mmisiri sakanataya ndalama pa chipangizo chopangira katundu yemwe ogula ake ankachepa chaka ndi chaka.

Komwe kaliwo wamtengo anapulumukira ndi kwa ogulitsa ziboliboli, ngati aja a mu Victoria Avenue, pakati pa njovu, mipando ya mafumu ndi bawo. Ambiri ndi a phingo, osemedwa mokongola, ena ali ndi nkhope ya munthu kumutu. Kunja kwake kulibe chodandaulitsa. Koma munthu akasuzumira m'kati amaona zomwe kusowa kwa chogwirira kumachita: bowo laling'ono latulukira m'mwamba kapena chakumbali, chifukwa linabooledwa ndi dirilo ya m'manja, mtengo utapanidwa ndi mapazi kapena vayisi. Wosemayo sanalakwe kanthu. Anachita zomwe zida zake zinamulola.

Phingo mwiniwake ali ndi nkhani yake. Ndi mtengo wolemera moti umamira m'madzi, wosalala ukasemedwa pa lathe, ndipo ku Ulaya amapangira zitoliro zodula monga clarinet ndi oboe. Amakula mochedwa kwambiri, ndipo wadulidwa mopitirira muyeso. Kuyambira mu Januwale 2017 pafupifupi mitengo yonse ya banja la Dalbergia, momwe muli phingo, ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti malonda ake odutsa malire amayang'aniridwa. Fumbi lake limayabwa pakhungu ndi m'mphuno mwa amisiri ena. Mkungudza wa ku Mulanje sungaganiziridwe n'komwe: ndi wofewa, wautomoni, ndipo watsala pang'ono kutha m'phirimo. Kumaiko komwe briar amasowa, amisiri amagwiritsa ntchito mitengo ya zipatso monga cherry, peyala wa ku Ulaya ndi olive. Mtengo wopakidwa mankhwala a chiswe kapena thabwa la pa phaleti siziyenera kuyandikira pakamwa pa munthu.

Nkhani ya kaliwo singakambidwe mobisa chilonda chake. Utsi wa m'kaliwo umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya m'mapapo, ndipo kusameza utsi sikuchotsa ngoziyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta, ngakhale fodya akubweretsabe pafupifupi theka la ndalama zakunja. Palibe wanzeru amene angalakelake kuti achinyamata a ku Mbayani ayambe kaliwo pofuna kutsitsimutsa ntchito ya makolo. Chomwe chikupweteka m'mbiriyi ndi luso la kugwira mtengo lomwe linadutsa pambali, chifukwa luso limenelo silithera pa kaliwo. Mutu wopindika wa ndodo yoyendera, mbale ndi zikho zamtengo, timabokosi tokhala ndi zivundikiro, zigwiriro za zitseko, zitoliro, mawilo a zidole, chilichonse chofuna kukumbidwa m'kati kapena kubooledwa chakumbali chimadikira chuck.

Mmisiri wa ku Mbayani wofuna kugula chuck yake yoyamba lero amakumana ndi mafunso omwe a ku Saint-Claude anakumana nawo. Loyamba ndi la mazinga a pa shafti. Ma lathe a matabwa a m'sitolo amabwera ndi mazinga odziwika, monga M33 x 3.5 kapena inchi imodzi ya mazinga 8, koma lathe yopanga yekha ili ndi shafti iliyonse yomwe inapezeka tsikulo. Choncho chuck yakale, kaya yachokera kwa ogulitsa zitsulo mu msika wa Ndirande kaya yabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, imafuna mbale yakumbuyo yosemedwa moyenerana ndi shaftiyo. Imeneyi ndi ntchito ya fitala wa lathe ya zitsulo, ndipo mbaleyo imafunika kuimalizira ili pa makina omwe izigwirapo ntchito, apo ayi chuck izivina. Kungowotcherera chuck ku shafti, monga ena amachitira pofuna kufulumira, kumapotoza chitsulo ndipo sikukonzekanso.

Funso lachiwiri ndi la kukula. Chuck yaikulu pa mota yaing'ono imalemetsa ma bearing ndipo imachedwa kuima magetsi akathima mwadzidzidzi. Ya mamilimita 100 mpaka 125 imakwanira ntchito zing'onozing'ono ngati zimenezi. Pogula yakale, mmisiri amagwedeza nsagwada iliyonse ndi dzanja kuti amve ngati ikusewera m'njira yake, amayang'ana mano a sikuluwu ngati sanagumuke, ndipo pa chuck ya nsagwada zoyendera pamodzi amaonetsetsa kuti manambala a pa nsagwada akugwirizana ndi a pa mipata yake, chifukwa zikasokonezeka sizikumananso pakati.

Amene ndalama zikumukwanira chuck imodzi yokha amapindula kwambiri ndi ya nsagwada zinayi zoyenda payokhapayokha, chifukwa imagwira chobulungira, cha ngodya zinayi ndi chopanda maonekedwe. Nsagwada zazitali za opanga makaliwo sizipezeka m'masitolo a mu Blantyre, koma kupanga kwake si kovuta. Fitala amadula zitsulo ziwiri zofanana zokhuthala bwino, kuzisalaza mbali zoyang'anana, kuzimanga ndi mabawuti pa nsagwada ziwiri za chuck, kenako kuboola mabowo a timisomali zitsulo zonse ziwiri zitapanidwa pamodzi kuti mabowowo ayang'anane. Timisomali amasema ku bawuti yolimba, nsonga yake yotuluka mamilimita awiri kapena atatu okha kuti isang'ambe mtengo. Asanaike mtengo wamtengo wapatali, amayamba wayesa pa kachidutswa ka bulugamu, kuboola mabowo onse awiri, n'kukacheka pakati ndi sowo kuti aone pomwe akumanirana.